ANTHU OFUFUZA ZA MALUNGO, NDI M'MENE ANA ATHU ANGALOWERE NCHITOYI

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi.

 

Ndidziwa kuti ena a inu mudabwa. Mudzati, "Kodi mlangizi wa zaulimi walowa bwanji m'nkhani ya malungo? Imeneyo si ya achipatala?" Tamverani ndikuuzeni chimene chinandionekera.

Dzinja lapitali, mwezi wa February, ndinali kuyendera minda ya mpunga pa sikimu ina yothirira. Kumeneko ndinapeza mtsikana wobvala jombo, atawerama pa ngalande, m'manja muli chipande choyera cha mpini wautali. Anali kutunga madzi, nayang'anamo, nalemba m'buku, natayanso madziwo. Ine ndinayesa kuti afuna tinsomba. Nditamfunsa anati, "Iai bambo, ndiri kuwerenga mphutsi za udzudzu. Kodi munda wachitsanzo uli apowo ngwa yani?" Ndinayankha monyada kuti ngwanga. Iye anati, "Tiyeni mukaone."

Tinafika pa dzenje limene ine mwini ndinakumbitsa pofuna dothi lokwezera migula. Anatunga kamodzi kokha, ndipo ndinawerenga ndekha timphutsi 17. Anandionetsa kuti tina timalendewera m'madzi mutu uli pansi, ndipo timeneto nta udzudzu wamba uja wosokosa m'khutu. Koma tina timagona chopingasa pamwamba peni-peni pa madzi, monga kachitsotso koyandama. Timeneto ndito ta udzudzu wa malungo, umene autcha Anopheles. Pafupi ndi dzenjelo panali nyumba za alimi anga, ndi ana ao. Ndinachita manyazi ndithu. Ndinali kuphunzitsa anthu kulima mpunga, osadziwa kuti ndiri kuwawetera udzudzu.

Ife alimi malungo tiwadziwa bwino. Amakula kuyambira January kufikira April, nyengo yomwe ija ya kupalira, kubandira ndi kuthira feteleza. Bambo akagona masiku asanu, udzu sumdikira. Mwana akakomoka, mai ake amasiya khasu nakagonera kuchipatala sabata yathunthu, ndipo ndalama ya feteleza imathera pa ulendo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linawerenga kuti m'chaka cha 2023 malungo anagwira anthu nthawi zokwana 263 miliyoni, napha anthu 597,000. Pafupi-fupi onsewo anali a muno mu Africa, ndipo ochuluka mwa akufawo anali ana osafika zaka zisanu.

Makolo athu ankati malungo adza chifukwa cha kubvumbwa ndi mvula, kapena kudya misinde ndi mango osapsa. Sitiwaseka, pakuti anaona bwino kuti nthendayi imadza pa nyengo ya zinthu zimenezi. Chimene analibe ndi galasi lokuza zinthu, limene alitcha maikulosikopu. Mu 1880 dokotala wa asilikari a ku France, dzina lake Alphonse Laveran, ali ku Algeria, anaika dontho la magazi a munthu wodwala pansi pa galasilo, naonamo kachirombo kamoyo. Mu 1897 dokotala wina, Ronald Ross, ali ku India, anatumbula udzudzu umene unaluma wodwala, napeza kachirombo komweko m'mimba mwake. Taganizani kutumbula udzudzu! Anachita zimenezo masiku ambiri osapeza kanthu, thukuta liri kamu-kamu, kufikira tsiku la 20 August pamene anakaona.

Tsono lero tidziwa njira yonse. Udzudzu waukazi ndiwo umaluma, chifukwa ufuna magazi kuti mazira ake akhwime. Ukaluma wodwala umamwa tizirombo, ndipo timakula m'thupi mwake masiku khumi kapena kuposerapo pang'ono. Ukaluma munthu wina, tizirombo timapita poyamba ku chiwindi, timaswana kumeneko mwakachete-chete, ndipo patapita sabata imodzi kapena ziwiri timatulukira m'magazi. Apo mpamene munthu amamva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi.

Nzeru zimenezi sizinagwe kumwamba monga mvula. Anazipeza ndi anthu olembedwa nchito ya kufufuza, ndipo nchitoyo ikali kugwiridwa, ngakhale muno m'dziko mwathu. Funso langa kwa inu makolo nali: kodi nchito imeneyi ikhale ya ana a eni okha? Ndifuna ndikuuzeni za magulu a anthu amene amaigwira.

Ndiyambe ndi a udzudzu, pakuti ndiwo amene mumawaona m'midzi. Ena amafika mbanda kucha, nayala nsalu zoyera pansi m'nyumba, napopera mankhwala, natola udzudzu umene wagwa. Ena amapachika kamsampha ka nyali pafupi ndi pogona. Ena amakhala panja usiku wonse miyendo iri pamtunda, nagwira udzudzu uli wonse wotera pa msongolo ndi kapaipi koyamwira, nalemba ora limene wabwera. Ambiri a ogwira nchito zotere ndi anyamata ndi atsikana a m'midzi momwemo, amene anaphunzitsidwa masiku owerengeka.

Udzudzuwo amapita nao kwa akatswiri amene amausiyanitsa mitundu, monga ife timasiyanitsira chimanga cha makolo ndi cha haibulidi. Kwathu kuno mitundu yobvuta ndi itatu. Wa gambiae ndi wa arabiensis umakonda timadzi ta padzuwa: mopondamo ng'ombe, m'maenje a njerwa, m'mikwasa ya ngolo. Wa arabiensis ukasowa munthu umaluma ndi ng'ombe zomwe. Wa funestus umakonda madzi okhalitsa a udzu ndi bango, chotero sutha ngakhale m'chilimwe. Mdani ukamdziwa kumene amagona, nkhondo yake imapepuka.

Akatswiri omwewa amayesanso ngati mankhwala akali kupha. Amatenga udzudzu 25, nautsekera ora limodzi m'kachitini m'mene ayalamo pepala la mankhwala, ndipo m'mawa mwake amawerenga wakufa. Mwa njira yotere, mu 2010 anapeza kuti udzudzu wa funestus wa pa chilumba cha Likoma sunali kufa ndi mankhwala a mtundu umene amaika m'masikito. Ku Nkhotakota, kumene anayamba kupopera m'nyumba mu 2007, anasintha mankhwala chifukwa cha bvuto lomweli, ndipo pambuyo pake kunabwera masikito oonjezeramo mankhwala achiwiri. Pakanapanda munthu wowerenga udzudzu wakufa m'kachitini, Boma likanapitiriza kugula mankhwala osapha, ife nkumagona mtima uli m'malo.

Pano alimi a thonje ndi a ndiwo zamasamba mumvetse. Mankhwala ena amene timapopera m'munda, monga cypermethrin, ndi a banja limodzi ndi a m'masikito. Mukatsuka mpope wanu m'chithaphwi kapena m'ngalande, mphutsi za udzudzu zimalawa mankhwala osukuluka. Zofooka zimafa, zolimba zimatsala ndi kuswana, ndipo zidzukulu zake sizidzaopanso neti yanu.

Gulu lachiwiri ndi la oyeza magazi. Masiku ano pa chipatala chaching'ono amabaya chala, nadontheza magazi pa kachipangizo kamene kamayankha patapita mphindi 15 kapena 20. Koma pa kufufuza afunabe munthu wa maso akuthwa wokhala pa galasi, amene angathe kunena mtundu wa kachirombo ndi kuwerenga kuchuluka kwake. Ndi nchito yofuna kudekha. Mwana wanu uja amene amasankha mbeu ya mtedza osatopa, osasakaniza yobvunda, angaithe.

Kenaka pali madokotala ndi anamwino amene amayesa mankhwala. Akulu-akulu mukumbukira kolorokwini, mankhwala owawa aja amene ena ankawayabwa nao. Anathandiza zaka zambiri, koma m'zaka za m'ma 1980 anayamba kulephera. Mwana ankamwa, thupi nkuzizira masiku awiri, nkutenthanso. Ofufuza anatsata ana otere kufikira kwao, nayezanso magazi ao pa masiku oikika, nalemba angati achira ndi angati sanachire. Chifukwa cha zolemba zimenezo, mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ndi kuika Fansidar m'malo mwake. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 kunadza LA amene timamwa lero, kawiri pa tsiku masiku atatu.

Chodabwitsa nachi. Mu 2005, patapita zaka 12, ofufuza anayesanso kolorokwini pa ana a ku Ndirande mu Blantyre. Pa ana 100 ali onse, 99 anachira, pamene Fansidar anachiza 21 okha. Tizirombo tolimba tija tinali titazimirira, popeza mankhwala amene ankatipatsa mwai anachotsedwa. Mlimi amva msanga zimenezi, pakuti ndi monga kugoneka munda kapena kusinthitsa mbeu kuti kaufiti achepe. Dziko lonse linaphunzira kanthu kuchokera ku Ndirande. Koma musathamangire kukagula kolorokwini ku golosale ai. Boma silinawabwezeretse, ndipo mankhwala a malungo akali LA.

Kumeneko ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, madokotala awiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, pamodzi ndi anamwino a konkuno, anakhala zaka zambiri pambali pa ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Mu 1989 analemba njira yoyesera kukomoka kwa mwana wosatha kulankhula: kodi maso ake atsata nkhope ya mai ake, kodi alira bwanji, kodi achotsa dzanja lomtsina. Amapereka mamalikisi kuyambira 0 kufikira 5. Njira imeneyi imagwiritsidwa nchito m'maiko ambiri, ndipo dzina lake ndi la mzinda wathu wa Blantyre. Ndiponso Fansidar amene amai apakati amalandira ku sikelo kuyambira 1993 anadza potsatira kufufuza kumene kunayamba ku Mangochi mu 1987, pamene anatsata amai zikwi zingapo kufikira atachira.

Za katemera ndingonena mwachidule. Ana a ku Lilongwe anali m'gulu la ana a maiko asanu ndi awiri a mu Africa amene anayesedwa katemera woyamba wa malungo. Pa 23 April 2019, ku Mitundu, Malawi linayamba kumpereka m'zipatala, Ghana ndi Kenya natsatira. Powerenga pambuyo pake anapeza kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100. Si mankhwala otha zonse, chifukwa chake mwana wobayidwa azigonabe m'neti.

Owerengawo ndi gulu lina. Ndi anthu a masamu ndi makompyuta, amene salowa m'dambo, koma popanda iwo zolemba za anzao zikanangokhala mulu wa mapepala. Iwo ndi amene anatiuza kuti mu 2010, pa ana aang'ono 100 ali onse oyezedwa m'Malawi, 43 anapezeka ndi tizirombo ta malungo, ndipo mu 2017 anapezeka 24. Palinso ena amene nchito yao ndi kukhala pa mphasa ndi kumvetsera, kuti adziwe chifukwa chake munthu amalandira neti nakaitchingira dimba, kapena kukakokera usipa.

Nanga mwana wa mlimi alowera pati? M'mera mpoyamba. Alimbikire masamu, Chingerezi ndi maphunziro a sayansi, makamaka a zamoyo, ndipo akhoze mayeso a Fomu 4. Wa setifiketi ya Fomu 4 angayambe monga wofunsa mafunso m'midzi, wogwira udzudzu, kapena mlangizi wa zaumoyo. Wofuna za kuyeza magazi angapite ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo. Za ukhondo wa m'midzi amaphunzitsa ku sukulu imene kale tinkaitcha Polytechnic. Za tizirombo touluka munthu angayambire ku Zomba, ngakhalenso ku Bunda, pakuti wodziwa mbozi ya chimanga sali kutali ndi kudziwa udzudzu. Kale wofuna udokotala ankaoloka nyanja, koma mu 1991 sukulu ya madokotala inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo kuyambira 2021 iri pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Kumeneko kuli Malaria Alert Centre, kulinso bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome limene linayamba mu 1995. Amalawi monga Don Mathanga ndi Themba Mzilahowa atsogolera kufufuza kwakukulu pa malungo.

Musapeputse poyambira. Ku Kenya kunabadwa munthu wina dzina lake Fredros Okumu. Atatsiriza sekondale anayamba ndi nchito ija yogwira udzudzu usiku. Anapitiriza maphunziro, nafika pokhala mkulu wa zofufuza ku Ifakara, m'dziko la Tanzania. Ndipo inu amene mumati sukulu yaitali nja ana aamuna, imvani izi. Mphamvu ya LA imachokera ku chitsamba china cha ku China. Amene anatsogolera nchito yotulutsa mankhwala m'chitsambacho, napambana mu 1972, ndi mai, dzina lake Tu Youyou, ndipo mu 2015 analandira mphotho ya Nobel. Amene anandichititsa manyazi ine pa dzenje paja analinso mtsikana.

Sindifuna kukunamizani kuti nchitoyi nja mtendere wokha-wokha. Kawiri-kawiri amalemba munthu zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kufufuzako kukatha, nchito yathanso. Ndalama zambiri zimachokera kunja. Mu 2025 Boma la America linadula thandizo lake lalikulu, ndipo anthu ambiri a nchito za umoyo mu Africa anakhala pansi. Chotero mwana akapeza kanchito kotere asadye zonse, koma asunge za sukulu, kuti akwere. Ndiponso nchito imeneyi sagula. Wina akadza m'mudzi nati, "Perekani mbuzi kapena ndalama kuti mwana wanu alembedwe," ameneyo ndi wakuba.

Koposa zonse nchitoyi ifuna munthu woona. Alipo ena amene akatumidwa kuyendera nyumba makumi atatu, amakhala pansi pa mtengo wa mango nadzaza mapepala onse ndi za m'mutu mwao. Ngakhale pakati pa ife alangizi a zaulimi otere alipo, tisabisane. Koma bodza la pa pepala la malungo limapha mwana wa kutali amene wolembayo sadzamuona.

Chitsanzo chabwino ndi cha ku Chikwawa, m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete. Kuyambira 2016 kufikira 2018 anthu a m'midzi ina anatseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga, naika sefa m'mazenera. M'midzi ina anakwirira zithaphwi ndi kuthira mankhwala opha mphutsi. Midzi ina inangogona m'masikito. Anthu anakhetsa thukuta, ndipo ofufuza anayembekeza zabwino. Koma powerenga sanapeze umboni wokwanira wakuti nchitozo zinaonjezera kanthu pamwamba pa masikito, ndipo analemba chomwecho poyera, osakometsa. Ine ndiwalemekeza chifukwa cha chimenecho. Sindikuti musakwirire maenje ai. Munda wachitsanzo umodzi sutha nkhani yonse, ndipo ku sikimu ya Bwanje ku Dedza ofufuza ena anapeza kuti okhala pafupi ndi minda yothirira ndiwo ankagwidwa malungo kwambiri koposa okhala patali. Dzenje langa lija ndinalikwirira tsiku lomwelo.

Tsopano mau anga kwa inu mafumu ndi anyakwawa. Anthu ofufuza sangalowe m'mudzi popanda inu. Akafika, afunseni kalata yochokera kwa mkulu wa zaumoyo wa pa boma lanu, ndi umboni wakuti komiti yoona za kufufuza yabvomereza. Afotokoze pa bwalo, m'chinenero chathu, chimene afuna, magazi adzatenga ochuluka bwanji, ndi kumene adzapita nao. Kawiri-kawiri ndi dontho la pa chala, nthawi zina kasupuni kochokera pa mkono. Inu mumatsegula mudzi, koma simubvomerera munthu aliyense. Mwini thupi abvomere yekha, kholo libvomerere mwana wake, ndipo wokana asaopsezedwe kapena kumanidwa mankhwala ku chipatala. Muwauzenso kuti akatha adzabwere kudzanena zimene apeza. Ena amaiwala zimenezi, ndipo kumeneko nkulakwa.

Ndinena izi chifukwa tonse tikumbukira za 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo anchito a zaumoyo anaopa kulowa m'midzi. Mfumu imene yafunsa mafunso masana pa bwalo, anthu ake onse ali kumva, siidzabvutika kuzimitsa mphekesera usiku. Ndipo akapempha anyamata ndi atsikana oti athandize, musangopereka a kubanja kwanu. Perekani amene adziwa kulemba bwino ndi kudzuka m'mamawa, pakuti kwa mwana wina khomo la maphunziro lidzatsegukira pamenepo.

Ena amati malungo ndi nthenda ya chilengedwe, siingathe. Ku China anthu 30 miliyoni ankadwala malungo pa chaka m'zaka za m'ma 1940, koma mu 2021 WHO inalengeza kuti atha. Ku Algeria komwe kuja, kumene Laveran anaona kachirombo koyamba, analengeza mu 2019. Ku Cabo Verde ndi ku Egypt analengeza mu 2024.

Sabata ino ndikupemphani kanthu kamodzi. Tengani kapu yoyera kapena mbale yoyera, muitane ana a sukulu a m'mudzi mwanu, mupite nao ku maenje a njerwa, ku chitsime cha ku dimba ndi kumene zimamwera ng'ombe. Fikani mwakachete-chete, chithunzi chanu chisagwere pa madzi, pakuti mphutsi zikaona mdima zimamira. Tungani pamwamba, cha m'mphepete. Anawo awerenge zogona chopingasa pazokha, zolendewera pazokha, alembe m'kope pamodzi ndi tsiku ndi malo, ndipo kopelo mukaonetse mlangizi wa zaumoyo wa kwanuko. Muyang'anitsitse mwana amene adzakana kuchoka pa dzenjepo anzake atatopa.

Sabata ya mawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za kukonza nkhokwe ndi kuteteza chimanga kwa anankafumbwe. Tsalani bwino.